Musathamangire Gore-Tex, yambani mwapinda soli

Mphunzitsi wina wa ku Katete wandilembera imelo. Akuti iye ndi anzake ayamba kukwera mapiri Loweruka lililonse, mwezi wamawa abwera kudzakwera phiri la Kanjala kuno ku Chipata, ndipo mu Ogasiti akufuna kukayenda wapansi ku Mfuwe. Pa salaula apeza nsapato zopepuka zolembedwa Gore-Tex, koma mtengo wake ndi wa dzaoneni. Akufunsa ngati zimalimba, ngati sizipweteka mapazi, komanso ngati n'zoona kuti madzi salowa.

Aphunzitsi, ndiyambe ndi za madzizo, chifukwa mpamene wogulitsa akufuna kukudyerani. Gore-Tex ndi kansalu kopyapyala kobisika mkati mwa nsapato. Bob Gore wa ku America ndiye anatulukira kapangidwe kake mu 1969. Kali ndi timabowo tating'onoting'ono toti dontho la madzi silingadutse, koma nthunzi ya thukuta imatuluka. Pa mame a m'mawa mu udzu, kapena pa mvula yowaza, kamagwiradi ntchito. Koma nthunziyo imatuluka bwino kunja kukamazizira. Mu dzuwa lathuli phazi limangophikika mkatimo, sokosi n'kunyowa ndi thukuta, ndipo khungu likafewa matuza sachedwa.

China n'chakuti nsapato zimenezi zimalekezera m'munsi mwa kakolo. Mukaponda m'dambo mu Febuluwale, madzi amalowera pamwamba, ndipo kansalu komwe kaja kamawatsekera mkati. Nsapato wamba ya neti imanyowa msanga, inde, koma imauma muli chiyendere. Komanso kansaluko kamang'ambika popindikira zala, ndiye ya pa salaula simungadziwe kuti mwini wake woyamba anaiyendetsa bwanji. Nanga ku Mfuwe? Maulendo a wapansi okaona nyama zakutchire, amene Norman Carr, wosamalira nyama, anawayambitsa m'chigwa cha Luangwa cha m'ma 1950, amachitika m'chilimwe. Mu Ogasiti mukalimbana ndi fumbi, mchenga ndi minga. Mvula iwalani.

Za kulimba ndizo zinandiphunzitsa ndi manyazi. Chaka china ndinagula peyala yooneka ngati sinavalidwepo. Tili pakati pokwera Kanjala ndinangomva phwa! Soli yayasama ngati kamwa la mlamba, zamkati zikuyoyoka ngati chigumu. Ndinatsika nditamanga ndi mphira wa chubu cha njinga, mwayi wake ku Chipata chubu sichisowa. Chinachitika n'ichi: pakati pa soli ndi phazi pali siponji. Ina ndi ya PU, imene imavunda ndi chinyezi ikakhalitsa osavalidwa, ngakhale kunja ikuwala. Ina ndi ya EVA, ndipo nsapato zopepuka zambiri zili ndi imeneyi. Siyoyoka, koma imaphwatalala pang'onopang'ono mpaka mumayamba kumva mwala uliwonse. Choncho musanafunse n'komwe mtengo, pindani soli, dinani siponjiyo ndi chikhadabo, kokani m'mbali momwe anamata. Ikachita ming'alu kapena kumata m'manja, isiyeni. Ikakhala ndi makwinya ambiri kuchidendene, yatha ntchito.

Pansi pake mukaona kachizindikiro kachikasu ka Vibram, mphira wake ndi wabwino, bola mano ake akhale asanaperepeseke. Koma musayembekezere kuti nsapato yopepuka ingakhalitse ngati jombo yachikopa. Neti imadyeka ndi miyala, chisoso chimakanirira, ndipo wosoka nsapato wa pa msika wa Kapata angakusokereni m'mbali koma siponji yophwa sangaiutse. Akasokanso ya Gore-Tex, singano yake yaboola kansalu kaja, basi zatha.

Kupepukako ndiye ine ndimakukonda. Pokwera ndi kachikwama ka madzi ndi kamba, mulibe chifukwa chokokera jombo zolemera.

Kuyesa: pitani kumsika masana mapazi atatupako, mutavala sokosi zomwe mudzayendere. Kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wokwana chala cha dzanja. Anthu amaganiza kuti chovuta n'kukwera, pamene zikhadabo zimada potsika, phazi likamagunda kutsogolo. Chidendene chisamavukuke mukamanga zingwe. Wogulitsa akati "idzamasuka mukamavala", musamvere, neti ndi pulasitiki sizitamuka ngati chikopa. Sokosi za thonje zimasunga thukuta, funani za ubweya kapena zamasewera, ndipo nsapatozo muziyendere kaye milungu ingapo popita kusukulu.

Ndiye mukapeza peyala ziwiri zokukwanani bwino, ina ya Gore-Tex ina wamba, tengani wambayo, ndalama za Gore-Tex zija mugulire sokosi. Nsapatozo zikanyowa chotsani kasiponji ka mkati, pakiranimo manyuzipepala, muumike pamthunzi podutsa mphepo. Pafupi ndi mbaula ayi, guluu amasungunuka. Ndipo ku Mfuweko, m'mawa uliwonse muzizigwedeza mozondotsa musanalowetse phazi, zinkhanira zimakonda kugona m'menemo.