Ndalama zikuoneka pa foni, koma zitulukira khomo liti?

Mayi wina wa ku Mchinji, amene amalima ndi kugulitsa soya, wandilembera motere: "Nditagulitsa soya ndinatengako K400,000 n'kugula ndalama ya pa intaneti imene mnzanga wa kutchalitchi anandiuza kuti ndi yatsopano ndipo idzaposa Bitcoin. Anati amene anagula Bitcoin koyambirira lero ndi mabwana, tsono ifenso tisachedwe. Pa foni pakuonetsa kuti zakwana madola 2,100. Nditafuna kutapako kuti ndigule feteleza, andiuza kuti ndiyambe ndatumiza K150,000 ya msonkho. Kodi ndilipire?"

Mayi, musalipire, ngakhale tambala imodzi. Ndikudziwa kuti n'zowawa kumva, poti ndalamayo munaikhetsera thukuta kumunda. Koma taganizirani zimene zimachitika mukapita kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba. Yotapira imadulidwa pa ndalama zomwe zili kale m'foni mwanu. Palibe amene amakuuzani kuti mubwerere kunyumba mukatenge zina kuti zanuzo zituluke. Misika yeniyeni ya crypto, kutanthauza ndalama za pa intaneti zimenezi, imachitanso chimodzimodzi. Munthu amene akuti akukusungirani madola 2,100 koma akulephera kudulapo gawo lake, ndiye kuti madolawo palibe. Chimene chilipo ndi nambala yomwe wina walemba pa kompyuta yake kuti mtima wanu ukhale pansi. Mukalipira leroyi, mawa kudzabwera ina ya "kutsimikizira akaunti", mkuja ina ya "kutsegula chikwama", mpaka mudzagulitse mbuzi.

Sungani mauthenga onse, manambala amene munatumizako ndalama ndi zithunzi za pa foni, mukanene kupolisi komanso ku kampani imene munatumizira ndalamayo. Mnzanu wa kutchalitchiyo mumuuze mwaulemu, chifukwa nthawi zambiri anthu oterewa nawonso amakhala atapusitsidwa, ndipo musalowetsemo wina aliyense. Pakadzabwera munthu wonena kuti angakubwezereni zimene zatayika mukamupatsa kangachepe, ameneyonso mumukane.

Tsono tiyeni tione mawu aja akuti "amene anagula koyambirira", chifukwa ndi nyambo imene yakola anthu ambiri kuposa ina iliyonse.

N'zoona kuti Bitcoin inayamba ilibe mtengo. Inatuluka mu Januwale 2009, yopangidwa ndi munthu kapena gulu lodzitcha Satoshi Nakamoto, ndipo malamulo ake amati sidzapitirira 21 miliyoni. Mu Meyi 2010 katswiri wa makompyuta wa ku Florida, Laszlo Hanyecz, analengeza pa intaneti kuti apereka ma Bitcoin 10,000 kwa aliyense amene angamugulire pizza ziwiri. Nthawi imeneyo ma Bitcoin onsewo mtengo wake unali pafupifupi madola 41. Anthu amakonda kufotokoza nkhaniyi pomumvera chisoni, poti lero bwenzi ali mpondamatiki. Ine chimene chimandigwira mtima ndi china. Panadutsa masiku 4 asanapezeke munthu wovomera. Kuyambira tsiku loyamba, vuto la ndalama imeneyi linali kupeza munthu woti ailandire n'kukupatsa chinthu chogwirika m'manja.

Bitcoin itayamba kutchuka, anthu anaona kuti mapulani ake ali poyera, aliyense angathe kuwakopera n'kusinthamo pang'ono. Apa m'pamene panabadwira zimene amazitcha ma altcoin. Namecoin inabwera mu 2011. Chaka chomwecho Charlie Lee, amene ankagwira ntchito ku Google, anatulutsa Litecoin, yothamanga kuposa Bitcoin, yoti idzafika 84 miliyoni. Mu Disembala 2013 Billy Markus ndi Jackson Palmer anapanga Dogecoin mongoseka, n'kuikapo nkhope ya galu. Kumapeto kwa 2013 Bitcoin itadutsa madola 1,000, ndalama zatsopano zinkangophuka ngati bowa wa mvula yoyamba, iliyonse ikulonjeza kuti ndiyo Bitcoin yachiwiri. Zingapo zilipobe, monga Litecoin ndi Dogecoin, koma zochuluka zedi zinafa mwakachetechete. Sizinaletsedwe ndi boma lililonse, ogula anangotha. Amene anazisunga akadali nazo m'makompyuta awo mpaka lero, koma palibe wowapatsa kanthu.

Inu ndinu wabizinesi, mayi, tsono mumvetsa msanga. Mukafika pa msika wa Lizulu ndi madengu 50 a tomato n'kumva kuti dengu limodzi langogulidwa pa mtengo wabwino, simungawerengere kuti onse 50 apita pa mtengo womwewo. Ngati wogula anali mmodzi ndipo galimoto yake yadzaza, otsalawo muwatsitsa mtengo mpaka madzulo, ena muwataya. Mtengo umene foni imaonetsa ndi wa dengu lomaliza kugulidwa. Pa Bitcoin ogula ndi ambiri usana ndi usiku, choncho mtengowo umakhala pafupi ndi zimene mungalandiredi. Pa kandalama katsopano ogula angakhale anthu ochepa chabe, mwinanso eni ake omwewo akugulitsana okhaokha kuti mtengo uoneke ngati ukukwera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Koma nkhani yanu ikufanana kwambiri ndi ya OneCoin. Anaiyambitsa mu 2014 ndi Ruja Ignatova wa ku Bulgaria, mayi wophunzira amene ankadzaza maholo akuluakulu n'kumauza anthu kuti ndalama yake idzapha Bitcoin. Anthu m'maiko ambiri, a mu Africa omwe, ankagula kudzera mwa abale ndi anzawo, ndipo manambala awo ankakwera mwezi ndi mwezi. Mtengowo inkauika ndi kampani yomweyo. Malo ogulitsirapo OneCoin anali a kampani yomweyonso, ndipo kumayambiriro kwa 2017 anatsekedwa. Mu Okutobala 2017 mayiyo anasowa. Ndalama zimene anthu anaponyamo zinaposa madola 4 biliyoni, ndipo mu 2022 apolisi a ku America a FBI anamuika pa mndandanda wa anthu 10 amene akuwafunitsitsa. Pafupi nafe pompano, ku South Africa, kampani ya Mirror Trading International inagwa mu Disembala 2020 italonjeza anthu phindu la mwezi uliwonse pa Bitcoin yawo. Funso limene likanapulumutsa ambiri ndi limodzi: kodi ndalama imeneyi ndingaigulitse kwina, kwa munthu amene sakugwirizana ndi amene anandigulitsa? Yankho likakhala lakuti ayi, mwagula tikiti ya sitolo imodzi, ndipo sitoloyo ikatseka tikitiyo ndi pepala chabe.

Ndisabise kuti ngakhale ogula Bitcoin yeniyeni analirapo. Msika wa Mt. Gox wa ku Tokyo, umene unali waukulu kuposa yonse nthawi imeneyo, unayamba kuchedwetsa anthu kutapa, kenako mu Febuluwale 2014 unatsekeratu, ma Bitcoin pafupifupi 850,000 atasowa. Eni ma Bitcoinwo anayamba kubwezeredwa gawo chabe mu 2024, patatha zaka 10. Msika wina wa crypto, FTX, unagwanso mu Novembala 2022. Chizindikiro chimakhala chimodzimodzi nthawi zonse: kuika ndalama n'kosavuta, koma kutapa kumayamba kukhala ndi zifukwa. Ndipo amene anagula mu Disembala 2017, Bitcoin ili pafupi ndi madola 20,000, chaka chotsatira anaiona itatsika kufika pafupi ndi madola 3,200. Wosunga zaka zambiri anadzapeza bwino, koma amene ankafuna feteleza nyengo yomweyo anagulitsa moluza.

Kalata ina yachokera kwa achimwene amene akugwira ntchito ku Johannesburg: "Anzanga akuti ndizitumiza USDT kwa amayi ku Mangochi chifukwa n'zotchipa. Kodi iwo kumudziko angaisandutse bwanji makwacha?"

Achimwene, funso lanu lili pamalo, chifukwa mwayamba kuganizira kotulukira musanalowe. USDT ndi ndalama ya pa intaneti ya kampani ya Tether, imene amaisunga kuti izikhala yofanana ndi dola imodzi. Sivinavina ngati Bitcoin, n'chifukwa chake kwathu kuno ena anayamba kuifuna kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Musaganize kuti iliyonse yotchedwa "yokhazikika" ndi yodalirika: TerraUSD inalinso yofanana ndi dola mpaka Meyi 2022, pamene inasungunuka m'masiku ochepa.

Kumene muliko zinthu n'zosavuta. Kuyambira Okutobala 2022 bungwe la boma la South Africa loona za makampani a zachuma, FSCA, limayang'anira malonda a crypto, ndipo makampani monga Luno ndi VALR amakulolani kugula ndi ma randi kuchokera ku banki. Vuto lili kuno kumudzi. Reserve Bank of Malawi inachenjeza kale mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, ndipo Bank of Zambia inanenanso zofanana. Izi zikutanthauza kuti wa golosale sakakamizidwa kuilandira, ndipo zikavuta palibe ofesi yokadandaulako monga zimakhalira ndi banki. Palinso malamulo a kusinthana ndalama zakunja amene sanapume chifukwa choti ndalamayo yadzera pa foni, choncho ngati ndi zambiri kapena za bizinesi, yambani mwafunsa ku banki yanu.

Njira imene ambiri amadzera ndi ya P2P, kugulitsana munthu ndi munthu. Wogulitsa amaika USDT pa msika, msikawo umaigwira kaye, wogula amatumiza makwacha ku Airtel Money, Mpamba kapena ku banki, ndipo wogulitsa akaona ndalamayo m'pamene amadina batani lomasula. Apa m'pamene anthu amaberedwa. Wogula amatumiza chithunzi kapena uthenga wooneka ngati wa kampani ya foni, n'kumaimba kuti "fulumirani bwana, ndatumiza kale". Batani lija likadinidwa, USDT yapita ndipo sibwerera. Choncho musakhulupirire uthenga, tsegulani nokha muone balansi. Dzina la wotumiza lifanane ndi dzina la pa msikapo, chifukwa ndalama yochokera kwa munthu wachitatu ingakhale yakuba, akaunti yanu n'kutsekedwa. Wogula akanena kuti mukamalizire pa WhatsApp kuti akupatseni mtengo wabwino, mukane. USDT imayenda pa misewu ingapo, monga TRC20 ndi ERC20, ndipo wotumiza ndi wolandira akasankha yosiyana ndalama ingathe kutayika. Mawu 12 kapena 24 otsegulira chikwama chanu cha pa intaneti chosungiramo crypto alembedwe pa pepala, asajambulidwe pa foni ndipo asauzidwe aliyense, ngakhale wonena kuti ndi wa kukampani.

Tsono dzifunseni moona mtima: kodi amayi ku Mangochi angachite zonsezi okha? Ngati sangathe, ndiye kuti padzafunika mdzukulu kapena mnyamata wa pamsika wokhala pakati, ndipo ndalama ya banja ikamadutsa m'foni ya munthu wina mikangano siichedwa. Ine ndikanakonda kuti mugulitse nokha muli ku Johannesburg komweko, makwacha alowe mwachindunji m'foni ya amayi.

Musanasankhe, yesani ndi zochepa. Tengani ma randi 200 mutumize pa njira ya USDT, ena 200 mutumize pa Mukuru kapena njira imene mumagwiritsa ntchito kale, tsiku lomwelo. Lembani zonse zodulidwa: pogula, potumiza, pogulitsa, ndi kwa ejenti potapa. Kenako muimbire amayi muwafunse makwacha amene awerenga m'manja pa njira iliyonse, ndi maola amene adikira.