Kodi zipani zathu zimasiyana pa nkhani za maiko akunja?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo kufunsa ngati MCP, DPP ndi zipani zina zili ndi mfundo zosiyana pa ubale wa Malawi ndi maiko ena, kapena zonse n'chimodzimodzi.

Mayi, kusiyana kulipo ndithu, koma musakufunefune m'manifesto. Kumatsata munthu amene wakhala pampando, komanso kumene thumba la boma likuyembekezera thandizo.

Kamuzu anapalana ubwenzi ndi boma latsankho la South Africa mu 1967 anzake onse akunyansidwa nalo, ndipo ndalama za kumeneko zinathandiza kumanga likulu ku Lilongwe. Ankagwirizananso ndi Taiwan, yomwe pambuyo pake inatimangira chipatala chachikulu cha Mzuzu. Kumapeto kwa 2007 Bingu anaitaya Taiwan n'kutsata China, ndipo nyumba ya malamulo ija ndi msewu wa Karonga-Chitipa n'zipatso zake. MCP itabwerera m'boma mu 2020, kodi inabwereranso kwa bwenzi lake lakale Taiwan? Ayi, sinayerekeze n'komwe.

Nthawi imene kusiyana kunaonekera poyera ndi 2011 ndi 2012. Bingu anathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi itaululika yonena kuti mtsogoleriyo sakufunanso kudzudzulidwa. Chaka chomwecho analandira Omar al-Bashir wa ku Sudan, yemwe khothi la milandu ikuluikulu la dziko lonse lapansi, ICC, linkamufuna. Opereka thandizo anatseka mpopi, ndipo mukukumbukira galimoto zikugona pamizere ya mafuta, anthu atanyamula zigubu. Joyce Banda atalowa mu April 2012 anakonza ubale ndi Britain, anagwetsa mphamvu ya kwacha monga bungwe lobwereketsa ndalama kumaiko la IMF linkafunira, n'kukana kuti Bashir abwere ku msonkhano wa bungwe la maiko a mu Africa la AU womwe unkayenera kuchitikira kuno, mpaka msonkhanowo unasamukira ku Addis Ababa. Komatu mayi yemweyu anali nduna ya Bingu yoona za maiko akunja pamene tinkasiya Taiwan. Ndiye tinene kuti inali mfundo ya chipani chiti?

A Chakwera analonjeza ofesi ya kazembe ku Jerusalem, koma mu 2024 inatsegulidwa ku Tel Aviv. Otsutsa anakuwa kwambiri pa za achinyamata otumizidwa kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ya ku Gaza ili mkati.

Pamene onse amayankhula chimodzi ndi pa nyanja. Tanzania ikati malire ali pakati pa madzi, boma lililonse, la chipani chilichonse, limatulutsa pangano la Britain ndi Germany la 1890 loika malirewo m'mphepete mwa gombe la ku Tanzania.