Agogo, nyamukani tchuthi chisanafike

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa agogo ena aakazi. Iwo ndi amuna awo, onse a zaka zopitirira 70, akufuna kukaona mwana wawo wamkazi, mkamwini ndi adzukulu atatu, ulendo wa maola anayi pagalimoto. Agogo aakazi akufuna kupita Lachisanu n'kubwerako Lamlungu, tchuthi cha kumapeto kwa chaka chisanafike. Agogo aamuna akukana. Kwawoko kumapeto kwa chaka ndi nyengo yozizira. Akuti kunja kwazizira, iwo ali ndi BP, ndiye bwanji osangodikira tchuthi pomwe abale onse adzasonkhane? Funso lawo n'lakuti akulondola ndani, ndipo akapita asamale chiyani.

Agogo, mwandiika pakati pa banja la eni, koma ndiyankha mosapsatira: pitani. Pa nkhani ya kuzizira abambo ali ndi mfundo, ndipo ndifikako. Pa zodikira tchuthi ndili mbali yanu.

Tchuthi chikafika nyumba imadzaza. Mwana wanu amakhala ali kukhitchini kuyambira m'mamawa, adzukulu ali yakaliyakali ndi asuweni awo, inu n'kukukhazikani pampando wabwino kwambiri m'nyumbamo. Aliyense amabwera, kukupatsani moni mwaulemu, n'kudutsa. Mumabwerera kwanu mutaona nkhope zambiri koma musanacheze ndi munthu. Loweruka wamba silikhala choncho. Mudzapeza mdzukulu akulimbana ndi homuweki ya masamu, mudzaona yemwe wayamba manyazi ndi yemwe wayamba matukutuku. Zimene mwana wanu sanganene pafoni zimatuluka zokha mukamatsuka limodzi mbale, ana atagona. Komanso misewu imakhala isanadzaze, ndipo m'nyumba ya anthu asanu chimfine n'chochepa kusiyana ndi m'nyumba ya anthu makumi awiri.

Tsopano za abambo. Mantha awo si achabechabe. Kukazizira mitsempha ya magazi imafinyika kuti thupi lisunge kutentha, ndipo BP imakwera. N'chifukwa chake matenda a mtima ndi sitiroko amachuluka nyengo yozizira. Thupi la munthu limafunda pafupifupi madigiri 37. Likatsika kufika pansi pa 35, munthuyo ali pangozi. Chovuta kwa okalamba n'chakuti thupi silichenjeza msanga. Wachinyamata amanjenjemera n'kuthamangira juzi, pomwe agogo akhoza kuzizidwa kwambiri iwo akuti ali bwinobwino. Mukaona abambo akusokonezeka, akulankhula ngati lilime lalemera, kapena tulo tawagwira mosadziwika bwino, musati atopa ndi ulendo. Afunditseni ndipo pitani nawo kuchipatala.

Ngozi imeneyi sichitikira panja pokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti m'nyumba musazizire kutsika pa madigiri 18, ndipo kwa okalamba ndi odwala pangafunike kufunda koposa apo. Ndiye mufunseni mwana wanu musananyamuke kuti mukagona chipinda chiti. Ndikunena izi chifukwa chipinda cha alendo nthawi zambiri ndiye chozizira kuposa zonse, chokhala chotseka miyezi, chosungiramo masutikesi. Musachite manyazi kupempha bulangete lina. Ndi mwana wanu, munamusintha matewera. Zovala zopyapyala zingapo zosanjikiza zimafunditsa kuposa chijasi chimodzi, ndipo mutha kuvula chimodzichimodzi mukalowa pofunda. Chipewa ndi masokosi ogonera musaiwale.

Chinthu chimodzi chokha musalole: kukuikirani moto wa makala kapena hita ya gasi m'chipinda chotseka kuti mufunde usiku. Zimenezi zimatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu kuwawa ndi chizungulire, ndipo munthu amene ali m'tulo sadzuka n'komwe. Kapu ya mowa yoti "ifunditse thupi" nayo ndi bodza. Imatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kutentha pomwe thupi likutaya kutenthako.

Pa ulendo weniweniwo ndikusinthirani pang'ono pulani. Nyengo yozizira dzuwa limalowa msanga, ndipo maso a zaka 70 amafuna kuwala kochuluka kuposa a mnyamata, komanso amachedwa kubwerera m'chimake magetsi a galimoto ina akawathobwa. Nyamukani Lachisanu dzuwa litakwera, chisanu cha m'mawa chitasungunuka. Pobwerera, m'malo mwa Lamlungu madzulo, gonaninso n'kunyamuka Lolemba m'mawa. Inu simuthamangira kuntchito, mwayi umenewo ugwiritseni ntchito. Ngati kumeneko madzi amaundana pamsewu, dziwani kuti pamlatho ndi pomwe pamayamba kuterera, chifukwa mphepo yozizira imadutsa pansi ndi pamwamba pomwe.

Imani pakatha maola awiri aliwonse, mutsike, muyendeyende mphindi zingapo. Kukhala nthawi yaitali miyendo ili yopinda kungachititse magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Ndipo imwani madzi. Ndikudziwa kuti azibambo ambiri a msinkhu umenewu amakana madzi paulendo poopa kuimaima kukataya madzi, koma ludzu limachepa ndi ukalamba, kukazizira n'kucheperatu, ndiye munthu amauma osadziwa, chizungulire n'kumupeza potsika galimoto. Apo pomwe ndi pamene anthu amagwa. Valani nsapato zosaterera, ndipo masutikesi asiyireni mkamwini. Fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu wanu, ulendo wa masiku atatu umasanduka miyezi ya pabedi.

Mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja, osati kubuti, ndipo tengani a masiku owonjezera mwina nyengo ingakutsekerezeni. Ngati wina wa inu amabaya insulin, mankhwala a matenda a shuga, isaundane, chifukwa ikaundana yawonongeka ngakhale itasungunuka. Lembani papepala maina a mankhwala onse ndi kamwedwe kake, mwana wanu akaliwerenge mukangofika. Abambo akagwidwa chimfine kumeneko asangomwa chilichonse chomwe chili m'kabati ya eni nyumba. Mankhwala ena otsegula mphuno, monga okhala ndi pseudoephedrine, amakweza BP, ndipo ibuprofen, wochepetsa ululu, nayenso sagwirizana bwino ndi mankhwala ambiri a BP. Afunse kaye adokotala kapena wa kufamase. Ngati mukufuna katemera wa fuluwenza, amatenga pafupifupi masabata awiri kuti ayambe kuteteza, ndiye kubayitsa dzulo la ulendo sikukuthandizani pa ulendo uno.

Lachinayi madzulo imbani foni mufunse ngati ana onse ali bwino. Ana a sukulu amatola chimfine chilichonse chodutsa. Kamfuno kotuluka si kanthu, koma wina akakhala kuti watentha thupi kapena akutsokomola kwambiri, sunthani ulendo ndi sabata imodzi. Apa m'pamene kupita msanga kukuposanso kudikira tchuthi, chifukwa Loweruka wamba limasunthika pomwe tsiku la chikondwerero silisunthika.

Simunandifunse izi, koma ndinena ndithu. Masiku atatu ndi ochepa kuti mukonze kaleredwe ka adzukulu. Mudzaona ana akugona mochedwa, akudya maso ali pafoni, ndipo lilime lidzakuyabwani. Limezeni. Mukayamba kudzudzula Lachisanu, mkamwini adzapeza ntchito yofunika kwambiri Loweruka lonse, ndipo mwana wanu adzatseka pakamwa pa nkhani zomwe munapitira. Tengani zithunzi zakale za mayi awo ali kamtsikana, muwaonetse ana. Zimenezo zimawachotsa pafoni msanga kuposa ulaliki.

Nanga abambo muwanyengerera bwanji? Musalimbane nawo kuti kulibe kuzizira, chifukwa kulipodi. Apatseni udindo. Iwo ndiwo atsatire za nyengo sabata yonseyo, ayeze BP m'mawa uliwonse n'kulemba, aonetse galimoto kwa makaniko, makamaka batire ndi matayala, poti batire yotopa imafera m'mawa wozizira. Muwauze kuti a zanyengo akachenjeza za mphepo yamkuntho kapena msewu woterera, kapena BP ikakwera kuposa momwe adokotala anawauzira, mawu omaliza ndi awo ndipo simudzatsutsa. Kenako muuzeni mdzukulu wamng'ono uja awaimbire yekha, awafunse kuti, "Agogo, mubwera liti?"