Tsiku la Martin Luther King: bwanji ena akupuma, ena ali pantchito?

Mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku America wanditumizira imelo. Akuti: "Lolemba lachitatu la Januwale ana anga sanapite kusukulu, positi ofesi inali yotseka, koma abwana anga anati ndibwere kuntchito. Ngati tsiku la Martin Luther King ndi tchuthi cha dziko lonse, bwanji ine sindikupuma? Nanga munthuyu anachita chiyani?"

Mayi, ndiyambe ndi munthuyo. King anali m'busa wa mpingo wa Baptist, wobadwira ku Atlanta pa 15 Januwale 1929. M'zigawo za kummwera kwa dzikolo, malamulo ankalekanitsa anthu akuda ndi azungu m'sukulu, m'mabasi, m'malo odyera, ngakhale pampopi womwera madzi. Pa 1 Disembala 1955, Rosa Parks anamangidwa mumzinda wa Montgomery atakana kusiyira mzungu mpando m'basi. Anthu akuda ananyanyala mabasiwo kwa masiku 381, ndipo King, ali ndi zaka 26 zokha, ndiye anapatsidwa udindo wowatsogolera. Njira yake inali yosabwezera: kuyenda pamsewu, kumangidwa, kumenyedwa, koma osatola mwala. Lamulo la 1964 lothetsa tsankho m'malo opezekamo anthu ndi pantchito linatsatira chionetsero cha ku Washington cha pa 28 Ogasiti 1963. La 1965, loteteza ufulu wovota, linabwera dziko litaona pa wailesi yakanema apolisi akumenya anthu pamlatho wa Edmund Pettus ku Selma. King anawomberedwa ku Memphis pa 4 Epulo 1968, komwe anapita kukathandiza onyamula zinyalala amene ankanyanyala ntchito.

Musaganize kuti dziko linangodzuka n'kumulemekeza. Patangopita masiku 4 chiphedwere, phungu John Conyers anapereka bilo yoti pakhale tchuthi, koma inakhala zaka 15 ikungozungulira. Mu 1979 inapereweza mavoti 5 m'nyumba ya aphungu. Mkazi wa King, Coretta Scott King, sanatope, mpaka anthu 6 miliyoni anasainira chikalata chopempha tchuthicho. Mu 1983 aphungu anavomera ndi mavoti 338 kwa 90, masenata (a m'nyumba yachiwiri ya malamulo) 78 kwa 22, ngakhale senata Jesse Helms anachita kukakamira kuti King ankagwirizana ndi achikomyunizimu. Ronald Reagan anasaina pa 2 Novembala 1983, ndipo tchuthi choyamba chinachitika pa 20 Januwale 1986.

Tsono vuto lanu lagona apa. America ili ndi boma lalikulu ku Washington komanso maboma a zigawo 50, ndipo lililonse lili ndi malire a mphamvu zake. Nyumba ya malamulo ya Congress ikakhazikitsa tchuthi, lamulolo limakhudza ogwira ntchito m'boma lalikulu basi. N'chifukwa chake positi ofesi inatseka. Mabanki ambiri amatseka potsatira banki yaikulu ya Federal Reserve, pomwe za sukulu amagamula ndi akuluakulu a maphunziro a m'chigawo kapena a m'deralo. Kampani ya munthu payekha ilibe lamulo la ku Washington loikakamiza kutseka, kaya ndi tsiku la King, kaya la Khirisimasi.

Zigawo zinachita kukokedwa chimodzichimodzi kuti zivomere tchuthichi. Nkhani ya Arizona ndi imene imandiseketsa, ngakhale si yoseketsa kwenikweni. Mu 1990 anthu kumeneko anakana tchuthichi pachisankho. Bungwe la mpira la NFL linawalanda masewero aakulu a Super Bowl a 1993 n'kuwapititsa ku Pasadena, m'chigawo cha California. Ataona ndalama zikuthawa, mu 1992 anavomera. Zigawo zonse 50 zinadzakwanira m'chaka cha 2000. Alabama ndi Mississippi zimakumbukira King tsiku limodzi ndi Robert E. Lee, mkulu wa asilikali amene anamenyera mbali yofuna kusunga ukapolo pankhondo yapachiweniweni. Kwa ine, kumeneko n'kupereka ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kumalanda, ndipo ana anu akafunsa za izi musawabisire.

Mwina mwaonanso kuti deti limasinthasintha. Lamulo linasankha Lolemba lachitatu la mweziwo, osati pa 15 penipeni, choncho tchuthicho chimagwa pakati pa 15 ndi 21 Januwale. Mu 1994 Bill Clinton anasaina lamulo lina lolimbikitsa anthu kuti patsikuli azigwira ntchito zachifundo m'madera awo, ndiye mukaona anthu akugawa chakudya kapena kupenta sukulu, gwero lake ndi limenelo.

Za abwana anuwo, okalamba amafunika chisamaliro tsiku lililonse, choncho kukuitanani sikuphwanya lamulo la boma lalikulu. Lamulolo silikakamizanso kuti akulipireni ndalama zapadera chifukwa chakuti ndi tchuthi, pokhapokha mutapyola maola 40 pa sabata ndipo muli m'gulu la oyenera ovataimu. Werengani kontilakiti yanu kapena buku la malamulo a pakampanipo pamene alemba masiku a tchuthi. Ngati tsiku la King lilipo koma simunalandire zomwe analonjeza, funsani mwa kalata, ndipo akakuzembani pitani ku ofesi yoona za ntchito ya m'chigawo chanu.