Kodi sake ndi kachasu wa mpunga?

FUNSO: Zikomo akonzi, ine ndimakhala pa Chitakale kuno ku Mulanje. Alamu anga anabwera ndi kabotolo ka mowa wa ku Japan kolembedwa sake, ati ndi wa mpunga, woyera ngati madzi koma mtengo wake eee. Amayi amafulula masese ndiye atalawa anangoti uyu ndi kachasu wosakhwima. Zoona zimenezi? Nanga sitingaupange konkuno ndi kilombero?

YANKHO: Achimwene, mayiwo apepeseni koma si kachasu ayi. Kachasu amachita kutcheza, nthunzi nkudutsa mu paipi, pomwe sake amangofulula kenako nkufinya nkusefa basi, ndiye pachibale ali pafupi ndi masese awowo. Mphamvu yake imakhala cha pa 15 kapena 16 peresenti.

Kusiyana kuli pa chimera. Ife timameretsa chimanga kapena mawere kuti phala litsekemere, anzathuwa mpunga wawo ndi wokonola sungamerenso, ndiye amauphika ndi nthunzi nkuwazapo chuku chinachake chabwino chotchedwa koji, nkuuyala mchipinda chofunda pafupifupi masiku awiri, anthu akudzuka usiku kukautembenuza ndi manja kuti usatenthe kwambiri. Chukucho ndi chimene chimasandutsa mpunga kukhala shuga, yisiti nayo ikudya shugayo nkupanga mowa nthawi yomweyo, zonse mu thanki imodzi, kwa masabata atatu mpaka asanu. Ndiye za kilombero zija, mpunga tili nawo, madzi a mphiri la Mulanje ndi abwino zedi, koma opanda koji palibe sake, ndipo chonde musayese ndi chuku cha pa chimanga chowola, chimenecho chimadwalitsa.

Za mtengo onani pa botolopo. Amakonola mpunga mpaka kutsala kamtima kokha, akalemba ginjo ndiye kuti pa njere iliyonse patsala 60 peresenti kapena kucheperapo, daiginjo patsala theka kapena kucheperapo, kwinako kwapita ku gaga. Tangoganizani kupita kuchigayo ndi thumba lodzadza nkubwerako ndi theka! Akalemba junmai ndiye kuti muli mpunga, madzi, koji ndi yisiti basi, sanathiremo mowa wina. Mpunga wotchuka pa ntchitoyi ndi Yamada Nishiki wa ku Hyogo, ndipo madera odziwika ndi Nada, Fushimi ku Kyoto, komanso Niigata.

Chimene chimandikhudza ine ndi timafakitale ta pabanja timene amati kura. Tambiri timafulula nyengo yozizira yokha, mkulu wa ntchito amamutcha toji ndipo amalemekezedwa kwabasi, kafakitale kena kotchedwa Sudo Honke ku Ibaraki mbiri yake imayambira mu 1141, banja lomwelo mpaka lero. Mowa watsopano ukapsa amapachika pakhomo chimpira cha masamba a mtengo wa sugi, wangati mkungudza wathu uja, chobiriwira, chikamauma nkufiira anthu odutsa amadziwa kuti mowa ukukhwima. Mu Disembala 2024 UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika luso lofulula mowa ndi koji limeneli pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanakhala pansi ndi mayiwo tsiku lofulula, kope mmanja, nkulemba mmene amanyikira chimera, masiku angati, amadziwa bwanji kuti mowa wapsa, chifukwa zimene amadziwa toji nawonso akuzidziwa mwa njira yawo. Kabotolo kotsalako kasungeni mufiriji kapena pamthunzi pozizira ndipo musakakhalitse mukatsegula, kamasintha kakomedwe msanga.