Msipu ukauma ku America, boma limalipira ndani?

Mayi wina wandilembera imelo kuchokera ku Oklahoma. Iye ndi amuna ake amachita lendi malo odyetserapo ng'ombe zawo zochepa, udzu wapserera ndi dzuwa, ndiye akufunsa ngati n'zoona kuti boma la kumeneko limapereka ndalama msipu ukatha.

N'zoona amayi, koma funso lanuli landipweteka mumtima. Chilala cha 1992 chinandipeza ku Chikwawa, kwa amalume. M'mawa tikatsegula khola, ng'ombe ina inkangotiyang'ana, kudzuka osadzuka. Tinkalowetsa mtengo kunsi kwa mimba yake, anthu uku ndi uku, n'kuikweza mpaka iime. Nthiti mumachita kuwerenga muli patali. Ogula ankabwera ndi lole, n'kumatchula mtengo ngati akugula mbuzi, ndipo amalume ankawathamangitsa. Amati mvula ibwera. Zina zinafera m'khola momwemo, chikopa chokha n'chimene tinapulumutsa. Chimanga chachikasu cha chithandizo chinafika, tinadya, sindikukana. Koma za ziweto palibe anazitchula.

Ndiye nditamva za Livestock Forage Disaster Program, ndondomeko ya boma la America yolipira alimi a ziweto msipu ukauma, poyamba ndinachita nsanje. Ndondomekoyi inayamba ndi lamulo la zaulimi la 2008, ndipo la 2014 linaikhazikitsa mpaka kalekale. Imayendetsedwa ndi Farm Service Agency, nthambi ya unduna wa zaulimi, USDA. Chodabwitsa n'chakuti palibe mlangizi wobwera kudzaona ngati udzu wanu wauma. Chimalamula ndi mapu a U.S. Drought Monitor, amene amatuluka Lachinayi lililonse kuchokera ku yunivesite ya Nebraska ku Lincoln. Mapuwo amagawa chilala kuyambira D0, kuuma pang'ono, mpaka D4, chilala choopsa kwambiri. County yanu, dera longa disitirikiti kwathu kuno, ikalowa mu D3 m'nyengo yodyetsa ziweto kumsipu, mwapeza malipiro a miyezi 3. Ikakhala mu D4 kwa milungu 4, miyezi 5, ndipo apo ndiye pothera. Mwezi uliwonse amakupatsani 60 peresenti yokha ya mtengo wa chakudya cha ziwetozo, powerengera mtengo wa chimanga.

Anthu ena amati uku n'kulera alimi olemera. Ine ndikukana, ndipo ndikamalembamu ndikukanitsitsa. Ubwino wake si kuchuluka kwa ndalama ayi. Ubwino wake ndi woti lamulo linalembedwa chilala chisanabwere. Mlimi sagwadira phungu, sadikira kuti mfumu imulembe dzina, safunsidwa chipani chake. Mapu akafiira, ndalamayo ndi yake basi.

Ngakhale zili choncho, mapu alibe maso. Malire a county akhoza kudutsa pakati pa anansi awiri, udzu wouma chimodzimodzi, wina n'kulandira wina ayi. Komanso musaganize kuti Aamerika sakhumudwitsidwa ndi andale awo. Mu Okutobala 2013 chipale chofewa chinapha ng'ombe zikwizikwi ku South Dakota, pomwe ndondomeko zothandiza ziweto zinali zitatha mphamvu kuyambira 2011 ndipo maofesi a boma anali otseka chifukwa cha mkangano wa bajeti. Alimi anakwirira ng'ombe zawo m'maenje, n'kudikira mpaka 2014 kuti alipidwe.

Tsono inu mutani?

Pitani ku ofesi ya Farm Service Agency ya county yanu sabata ino. Wochita lendi amaloledwa, bola akhale nzika kapena wokhala m'dzikomo movomerezeka, ndipo ziwetozo zikhale za malonda, osati zongosangalatsa pakhomo. Tengani pepala la lendi ndi chiwerengero cha ng'ombe, mulembetse maekala a msipuwo, mufunse tsiku lotsekera. Ngati mukutuntha madzi pa galimoto, sungani malisiti, chifukwa zimenezo zili ndi thumba lake lina lotchedwa ELAP.