Katemera wa mliri wa makoswe: pakhungu, jakisoni kapena m'mphuno?

Amayi ena a ku Nyimba, ku Zambia, andilembera imelo. Akuti sanaiwale mliri wa makoswe umene unagwa kwawo mu 2015, ndipo mwana wawo wa ku koleji wawauza kuti akatswiri amapatsa mbewa katemera wa matendawa m'njira zosiyanasiyana. "Nanga katemera si katemera basi?"

Amayi, polowera pali nkhani. Katemerayu ndi wamoyo: ndi kachilombo komweko koyambitsa matendawa, Yersinia pestis, kofooketsedwa. Wotchuka ndi wa mtundu wa EV, amene madokotala Girard ndi Robic anayamba kupatsa anthu ku Madagascar m'ma 1930, ndipo ku Russia ndi ku Kazakhstan akumugwiritsabe ntchito. Kumeneko amadontheza katemera pamkono n'kukanda khungu pang'ono, monga agogo ankatemera mphini. Njira zina ndi jakisoni wa pansi pa khungu, kumeza, ndi kukokera m'mphuno.

Matendawa ali pawiri. Nthata yochokera pa khoswe wodwala ikakuluma, mwanabele amatupa m'khwapa kapena mphechepeche. Koma kachilombo kakalowa m'mapapo kamayambitsa chibayo choopsa chimene chimafala pokhosomola, ngati chija cha ku Madagascar mu 2017 chimene chinapha anthu oposa 200. N'chifukwa chake mu labotale amagawa mbewa kapena mbira m'magulu, gulu ili jakisoni, ilo m'mphuno, n'kuona kuti zapulumuka zingati. Wa m'mphuno amaika alonda pakhomo penipeni pa mapapo. Vuto lake, chamoyo ndi chamoyo: mlingo ukapyola, katemera yemweyo amadwalitsa nyama, zina n'kufa.

Apa ndipo ine sindithamangira kuombera m'manja ndikamva kuti mbewa zatetezedwa. EV yemweyu anapha apusi a kuno ku Africa pa kafukufuku, pamene anyani a mtundu wina wa ku Asia sanawachite kanthu kwenikweni. Mu 2009 wasayansi wina ku Chicago anamwalira ndi kachilombo kofooketsedwa kotere chifukwa m'thupi mwake munali ayironi wochuluka, chinthu chimene kachilomboka kamachikonda.

Kuchipatala kwathu katemerayu simumupeza, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO sililimbikitsa kubaya anthu onse. Chilipo ndi mankhwala monga doxycycline ndi gentamicin, amene amachiza munthu akafulumira. Anyamata akabwerako kokumba mbewa, wina n'kutentha thupi ndi mwanabele wowawa, asagone naye pakhomo, amayi. Ndipo khoswe wofa yekha m'nkhokwe ana asamugwire ndi manja, nthata zake zimakhala zikufuna pothawira.